Munthu wa Dzanja Limodzi pa Bokosi la Magetsi

Lamulungu m'mawa chinandidzutsa ndi fungo la mphira wopsa. Ndinayamba ndadzinunkhiza ndekha, poti munthu ukakalamba sudzikhulupirira, kenaka ndinaona kuti ndi wailesi yanga, ili phee pa shelefu, kautsi kakutuluka kumbuyo kwake ngati yaphunzira kusuta. Panja anthu anali atayamba kale kutukwana. Uyu filiji, uyu kanema, uyu mababu onse aphulika. Magetsi anali atabwera ndi mphamvu za mkamwini watsopano, ndipo chimene anachipeza cholumikizidwa anachiwotcha.

Dzuwa lisanafike pamutu, pakamwa pa aliyense panali mwana wa mlongo wanga.

Mwanayu ine ndimamutcha Injiniya. Ndi mtsikana wamfupi, wosalankhulalankhula, ndipo amagwira ntchito ku kampani ya magetsi komwe bambo ake anakalambira akukwera mapolo. M'nyumba timakhala atatu: iye, bambo akewo amene dera lonse limawatcha a Mapolo, ndi ine azakhali ake, amene ndinabwera kudzalira maliro a mayi ake n'kuiwala njira yobwerera. Loweruka masana Injiniya ndi amene anatchera mabokosi atsopano a makina a pamphambano, aja amawongolera mphamvu ya magetsi a dera lathu. Anthu anamuona. Ndiye Lolemba akapitawo ake anamuuza kuti ayambe wakhala pakhomo, Lachisanu akaonekere kwa mabwana, ndipo aliyense ankadziwa kuti kukaonekerako n'kukatsanzika.

Ndinamupeza m'chipinda mwake atagona chagada, nsapato za ntchito zili m'mapazi.

"Dzuka undiuze. Koma undiuze ngati ukuuza mbuzi."

"Azakhali, ndatopa."

"Mbuzinso yatopa, koma ikumvetsera."

Anadzuka monyinyirika. Anati pamphambano paja pali migolo itatu yachitsulo, uliwonse ndi waya wake. Mphamvu ya magetsi ikatsika, mgolo umaikweza. Ikachuluka, umaitsitsa. Koma mgolo ulibe nzeru, nzeru zake zili m'bokosi lomwe lili pansi pake, la mabatani ndi kagalasi koonetsa manambala.

"Bokosilo ndimaliuza mphamvu yomwe liyenera kusunga," anatero. "Ndimaliuzanso malire, kuti isinthe mpaka pati lisanachite kanthu. Kenako nthawi yodikira, kuti lisamangolumpha munthu akangoyatsa simbi."

"Ndiye kuti lili ndi nzeru kuposa malemu amuna anga. Aja ankalumpha nkhani isanafike pakati."

Sanaseke. Mwana ameneyu kumuseketsa kuli ngati kukama ng'ombe yamphongo.

"Palinso swichi," anapitiriza. "Mbali iyi bokosi limagwira lokha. Mbali inayo limamvera dzanja la munthu, ukakweza lakwera, ndipo limakhala pomwepo mpaka utabwera. Tikatha kutchera timayesa ndi dzanja, kenako n'kubwezera kuti lizigwira lokha. Akapitawo apeza bokosi lapakati lili pa dzanja, litakwezedwa pafupifupi mpaka kumapeto. Anthu atazimitsa zophikira n'kukagona, mphamvu inasefukira. Akuti ndinaiwala kubweza."

"Unabweza?"

"Ndinabweza."

"Wawauza?"

"Ndawauza. Koma loko wa bokosilo sanathyoledwe. Kiyi tili naye ine ndi akapitawo."

"Ndiye pali wina anatsegula."

Anagonanso, ulendo uno atayang'ana kukhoma. "Zisiyeni, azakhali."

Zisiyeni. Munthu akukuchotsa ntchito yomwe unaiphunzira mpaka maso kufiira, iwe n'kumati zisiyeni. Ndinatuluka magazi akuwira. Pakhonde ndinapeza mlongo wanga akukalipira mpanda, akuti kampani imeneyi ndi yosayamika, iwo anaipatsa msana wawo wonse, lero ikufuna kudya mwana wawo.

"Ndiye upita ukawauze zimenezo?" ndinafunsa. Ndi wamng'ono kwa ine, ndinamubereka kumsana, ndiye ulemu ndimamupatsa pakakhala alendo pokha.

"Ine ndinganene chiyani, achemwali? Loweruka ndinali kumsonkhano wa akuluampingo, mvula n'kutitsekera komweko. Sindinaone kanthu."

Ndinamanga nsalu yanga m'chiuno. Panyumba pakakhala amuna olankhula ndi mpanda ndi ana olankhula ndi khoma, wotsala ndi nkhalamba.

*

Ndinayambira kwa wogulitsa nyama, poti ndi amene ankakuwa kwambiri. Ndinamupeza akutulutsa nyama yobiriwira m'chifiliji chake chakufa, ntchentche zitachita phwando.

"Inu amayi musandiyandikire, chikwanje chili m'manja ichi. Kamwana kanu kaja kandipha."

"Mukuoneka amoyo ndithu. Akufa sanenepa choncho."

"Mukuseka? Nyama yonseyi ndikaigulitsa kwa ndani, agalu? Ntchito za amuna kumapatsa tiatsikana ta laputopu, zotsatira zake ndi izi."

Ndinamulola atukwane mpaka malovu kuuma. Munthu wokwiya ali ngati mpopi womwe wakhala osatsegulidwa, madzi oyamba ndi adzimbiri, abwino amabwera pambuyo. Atapuma ndinamufunsa kuti Loweruka magetsi ankaoneka bwanji.

"Masana bwinobwino. Madzulo, mvula ija itangoyamba, ndikutsuka mipeni, babu langa linayamba kuwala mowonjeza. Osati kamodzi. Pang'ono, n'kuima. Pang'ono, n'kuima. Ngati munthu akukwera makwerero. Mpaka ndinati lero kampani yatikonda."

"Madzulo? Mukutsimikiza?"

"Ndili ndi maso, amayi. Filiji ndi imene ndilibe."

Loweruka madzulo mvula ikuyamba, Injiniya anali atakhala pansi m'chipinda mwanga akundiwenga zikhadabo za kumapazi, akudandaula kuti n'zolimba ngati ziboda za bulu.

Ndinathamangira ku ofesi ya kampani, ngati kuyenda kwangaku mungakutche kuthamanga. Anandikhazika pa benchi mpaka matako kuchita dzanzi. Akapitawo atatuluka, bambo wamtali wa magalasi pamphumi, anandimvetsera akuyang'ana foni.

"Mayi, ndamva. Koma maso a wogulitsa nyama si mita. Ndipo inu ndinu achibale, umboni wanu ndi wa chibale."

"Zikhadabo zanganso ndi zachibale? Ndikuvuleni nsapato muone mmene anaziwengera?"

"Musavule, chonde. Ine ndikudziwa chinthu chimodzi, loko ndi wathunthu. Ngati pali munthu wina anagwira bokosi lija, mubwere naye. Apo ayi, Lachisanu nkhani yatha."

Anabweza magalasi pamphuno n'kulowa. Ndinatsala ndi nsapato imodzi m'manja.

*

Moyang'anizana ndi migolo ija, tsidya la msewu, pali kashedi ka wosoka nsapato. Bamboyu amalankhula ngati mawu amawagula, ndipo salankhula ndi munthu wopanda nsapato yong'ambika. Ndinachita kudula ndekha lamba wa patapata langa ndili kuseri kwa pholo.

Analitembenuza uku ndi uku. "Ili ladulidwa ndi mpeni."

"Makoswe a kwathu amayenda ndi mipeni. Loweruka madzulo munali pano?"

"Ndinali."

"Munaona munthu pa mabokosi paja?"

Analowetsa ulusi m'singano. Anauluma. Anaulowetsanso. Ndinamva imvi zina zikumera m'mutu mwanga.

"Masana kunabwera mtsikana."

"Ameneyo ndikumudziwa. Madzulo."

"Madzulo kunagwa mvula."

"Bambo, ndifa musanamalize. Mudzachita kukanena pamanda."

"Kunabwera wachijasi cha mvula. Chipewa chake mpaka m'maso. Anatsegula loko."

"Anathyola?"

"Ndati anatsegula. Bwinobwino, ngati pakhomo pake." Anabaya patapata lija. "Mutu atapendeketsa chonchi, ngati nkhuku yoona kabawi. Akulankhula yekha. Akuti, kwawala? Nanga pano? Kwawala? Ine ndinati ndi wamisala wa kampani."

"Nkhope munaiona?"

"Mvula. Mdima ukuyamba."

"Ndiye mwaona chiyani chomwe ndingagwire?"

Anandiyang'ana koyamba. "Anali wa dzanja limodzi. Lamanzere kunalibe."

M'dera lathu lonse, munthu wa dzanja limodzi alipo mmodzi yekha.

*

Amagulitsa nyuzipepala pa siteji ya mabasi. Dzanja lake linatsala m'makina a fakitale ina kalekale, ndipo anthu amamutcha a Nkhani. Ndinafika ngati wapolisi, chifuwa patsogolo, n'kuima pakati pa iye ndi dzuwa.

"A Nkhani, Loweruka madzulo munali kuti?"

"Mwaswera bwanji kaye, mayi. Kapena moni naye wakwera mtengo?"

"Pali amene anakuonani pa bokosi la magetsi."

Anapinda nyuzipepala ndi chibwano, mosafulumira. "Anandiona. Chabwino. Ndi dzanja liti lomwe ndinalibe?"

"Lamanzere."

Anakweza dzanja lake lamanzere n'kundigwedezera zala zonse pamphuno. Lomwe palibe ndi lamanja. Zaka zonsezi ndimamudutsa tsiku ndi tsiku, koma sindinayang'anepo kuti ndi liti.

"Mwina linasamuka usiku," anatero. "Ndipo Loweruka ndinali kwa ometa kuonera mpira, mukafunse, kanema wawo wapsa nawo. Nkhuku ikasowa, wa dzanja limodzi. Mwana akalira usiku, wa dzanja limodzi. Lero ndafika pokhala injiniya. Mundilembere kalata ndikayambe ntchito."

Anthu a pa siteji anaseka, ndipo aka kanali koyamba m'moyo wanga kusekedwa nthabwala isali yanga. Manyazi anandigwira. Ndinakhala pa mpando wake osapemphedwa n'kumupepesa, kenako ndinamuuza zonse, za mwana, za Lachisanu, za wachijasi wofunsa ngati kwawala.

Mkwiyo wake ndi wosachedwa kuzizira, mwina poti anauzolowera.

"Inu mwakhala mukuyendera olira okhaokha," anatero. "Munthu wofunsa kuti kwawala amafunsa wina. Kafunefuneni amene anaseka Loweruka lija."

*

Lachitatu ndinalawira. Ndinaima pansi pa mgolo wapakati, n'kupeza waya wake, n'kuyamba kumutsatira maso ali kumwamba. Musadzayese. Ndinagwera m'ngalande, ndinaponda za galu, ndipo mayi wina anandifunsa ngati ndikuona angelo. Waya uja anandidutsitsa msika, sukulu, malo otsukira magalimoto, mpaka kumene nyumba zimayamba kutalikirana. Ndikamafunsa m'njira, madandaulo ankachepa. Pafupi ndi ife zinapsa zonse. Pakati, mababu okha. Kumapeto, anthu ankangoti kwawo magetsi ndi ofooka chikhalire, madzulo babu limafiira ngati diso la chidakwa.

Pholo lomaliza linali pakhomo pa nyumba yopaka utoto wobiriwira, ndipo m'kati munkamveka anapiye.

Anatuluka mayi wonenepa bwino, wa khungu losalala, wa mawu a uchi. Wamasiye, anandiuza yekha ndisanafunse. Sanandidziwe, ndipo ine sindinadzitchule. Ndinati ndikufuna anapiye.

"Mwabwera tsiku labwino, amayi, Ambuye ndi abwino. Angoswa kumene. Bwerani muone."

M'chipinda chakumbuyo munali makina ofungatira mazira, aakulu ngati kabati, ndipo pansi m'makatoni munali tianapiye tachikasu tosawerengeka.

"Komatu ndikanataya onsewa," anatero akugwira pamtima. "Loweruka madzulo makinawa anayamba kulira, magetsi atafooka kuposa masiku onse. Mazira atatsala pang'ono kuswa, kuzizira kokha basi onse afa. Ndinagwada pansi. Koma Ambuye ali ndi anthu awo."

"Anatuma mngelo?"

Anaseka akubisa kukamwa. "Bambo ena ake. Odziwa za magetsi kwambiri. Ndinangowaimbira, iwo n'kuti khalani pafupi ndi babu, foni isachoke kukhutu. Akufunsa, ine ndikuyankha, mpaka makina anasiya kulira."

"Amuna otere akusowa masiku ano. Ine soketi yanga inafa kalekale, wondikonzera palibe. Ndi ndani bambowo?"

"Iii, amayi, dzina ayi. Ndi munthu waulemu wake, wa mumpingo." Anatsitsa mawu. "Akuti vuto ndi kamtsikana kena ka ku kampani, kanatchera makina molakwika. Ana a masiku ano. Zomwe zapsa kumtunda uko akuti ndi komweko."

"Kamtsikana ka ndani?"

"Sananene. Akuti sakukadziwa."

"Ndiye atatha anabwera kuno kudzalandira zikomo?"

"Atanyowa, osauka. Ndikanawabweza pamvula?" Masaya ake ananyezimira. "Anandikonzeranso swichi ya pakhonde. Mukanawaona mmene amagwirira ntchito, mukanaseka. Dzanja ili amalipinda kumbuyo, n'kulilowetsa mu lamba, ngati ahedi akuyendera kalasi. Akuti ndi lamulo la akale, kuti magetsi akakugwira asadutse pamtima kuchoka dzanja ili kupita linalo."

Anapiye aja anapitiriza kulira, koma ine sindinkawamvanso. Munthu wosintha babu dzanja lamanzere lili mu lamba kumbuyo ndakhala ndikumuona kuyambira ali ndi tsitsi.

"Nanga anapiye mutenga angati, amayi?"

"Tambala wanga ndamupeza kale," ndinatero. "Ali kunyumba."

*

Usiku umenewo sindinanene kanthu. Ndinadya, ndinagona, ndinatukwana denga. Lachinayi masana, Injiniya ali pa tebulo akusita malaya oti akavale kwa mabwana, ndinakwera pampando n'kupotokola babu la pabalaza pang'ono. Ndinaitana mlongo wanga.

"Babu lafa ili."

Anabwera akudzikoka, anayesa swichi, anakwera pampando. Dzanja lamanja linapita ku babu. Lamanzere linapita lokha kumbuyo n'kulowa mu lamba.

"Kwawala?" ndinafunsa. "Nanga pano? Kwawala?"

Babu linayaka. Iye anatsala chiimire pampando, dzanja lili m'mwamba ngati mwana wodziwa yankho. Simbi ya Injiniya inaima pa kolala.

"Azakhali," anatero mwanayo motsitsa, "ndinati zisiyeni."

Ndinatembenuka. "Iwe umadziwa?"

"Kiyi wakale wa bambo amakhala pa msomali kuseri kwa chitseko. Loweruka madzulo panalibe. Maloko a kampani onse ndi a kiyi mmodzi, sanasinthepo chichokereni iwo."

"Ndiye ine ndikugwera m'ngalande, ndikunamizira anthu osalakwa pa siteji, iwe uli phee?"

"Simunafunse ngati ndikufuna."

Mlongo wanga anatsika pampando ngati akutsika pholo lalitali. Anayamba ndi mawu aakulu, monga amachitira amuna akagwidwa.

"Inu simukudziwa kanthu. Mzere wa magetsi umene uja ndaugwira zaka zanga zonse. Ife tinkausiya wokwera, kuti a kumapeto nawonso apeze magetsi. Uyu wabwera ndi laputopu yake n'kutsitsa."

"Ndinaika pomwe payenera, bambo," anatero Injiniya, osakweza mawu. "Mmene munkasiyira inu, a pafupi mababu awo sankakhalitsa. Vuto la kumapeto ndi waya, ndi wowonda ndipo ndi wautali. Ndinanena kale kuti asinthidwe. Bokosi silingakonze waya."

"Ndinangofuna kuthandiza kwa kanthawi. Ndimati anthu akatha kuphika ndibwerere ndikabweze swichi kuti bokosi lizigwira lokha. Ndimadziwa kuti likatsala pa dzanja usiku mphamvu ikwera, si ine mwana. Koma mvula ija..."

"Mvula," ndinatero. "Mvula yonenepa bwino, ya mawu a uchi. Msonkhano wa akuluampingo wa anthu awiri, wachitatu anapiye."

"Achemwali, pali mwana pano."

"Lero wamuona kuti ndi mwana? Kwa mayi uja unati ndi kamtsikana kena, sukukadziwa."

Izi sindinafune kuzinena pamaso pa Injiniya, zinatuluka zokha, pakamwa panga palibe loko. Mwanayo anayang'ana bambo ake. Sanalire. Anangozula simbi kukhoma n'kukulunga waya wake bwinobwino, ndipo kukulungako kunandipweteka kuposa misozi.

Mlongo wanga anakhala pampando uja, mutu m'manja.

"Mawa mukanena," ndinatero.

"Sakanena," anayankha Injiniya. "Ine akandichotsa ntchito basi. Iwo ndi munthu wakunja wogwira makina a kampani, ndi mlandu wa kupolisi. Ndi shuga wawoyu, m'chitokosi akakhalamo bwanji?"

"Ndipo iwe ukachotsedwa ndi mbiri yoti unawotcha dera lonse, ndani adzakupatsenso bokosi? Ngakhale la machesi?"

"Ndi bambo anga."

"Ndi mlongo wanga, ndinamudziwa iwe usanabadwe. Iye ntchito yake anaimaliza, anaidya mpaka fupa. Tsopano adyenso yako?"

Tinakhala atatu pansi pa babu loyaka masana, aliyense akuyang'ana pake.

*

Lachisanu m'mawa Injiniya anavala malaya ake osita n'kutuluka osatsanzika. Mlongo wanga ndinamupeza pakhonde atavala jekete la kutchalitchi ndi nsapato zopukuta, koma atakhala ngati wamera mizu.

"Miyendo ikukana, achemwali."

"Ndinakubereka uli ndi mamina mpaka pachibwano. Ndikuberekenso lero? Nsalu ndili nayo."

"Mnyamata amene uja, kapitawoyo, ndinamuphunzitsa ndine kukwera pholo. Ndikaime pamaso pake ndinene kuti ndinasiya bokosi pa dzanja?"

"Ukapanda kunena iwe ndikanena ine, ndipo ine ndikayambira pa anapiye."

Anadzuka.

Pa ofesi mlonda anafuna kutiletsa, koma atazindikira a Mapolo anachita sawasha n'kutsegula. Tinalowa m'chipinda cha mabwana nkhani ili pakati. Injiniya anali ataima kumapeto kwa tebulo lalitali, manja kutsogolo, ndipo bwana wina ankamufunsa ngati ali ndi mawu omaliza.

Mlongo wanga anapisa m'thumba la jekete n'kuika kiyi pa tebulo. Kiyi wakuda, wakale, womangidwa ku kawaya kofiira.

"Mwanayu anabweza swichi," anatero. "Anatchera bwino. Amene anatsegula madzulo ndine."

Akapitawo anavula magalasi. Anayang'ana kiyi, anayang'ana nkhalamba yomwe inawaphunzitsa ntchito. "Madala, mukudziwa kuti izi sindingazisunge m'chipinda muno?"

"Ndikudziwa. Ndikanakhala iwe sindikanazisunga."

Injiniya sanayang'ane bambo ake. Anayang'ana ine, ndipo diso limenelo ndikanakonda akanandimenya.

Apolisi anabwera dzuwa litapendeka. Mlongo wanga sanamumange unyolo, anangomuuza akwere kutsogolo kwa galimoto.

*

Lolemba Injiniya anabwerera ku ntchito. Ntchito yoyamba yomwe anamupatsa ndi yosintha maloko onse a mzere wathu. Wogulitsa nyama akandiona amayang'ana kumbali. A Nkhani amandipatsa moni ndi dzanja lamanzere, akuligwedeza kwambiri kuti ndilione. Mayi wa anapiye sanabwere n'kamodzi komwe kudzafunsa.

M'mawa umenewo ndinadzuka msanga, ndinamuphikira mwana tiyi, ndinamupakira buledi. Ndinakonzanso kanthabwala kabwino ka maloko, ndinakayeseza kukhitchini. Anatuluka atavala ovololo, chikwama cha laputopu paphewa, maloko atsopano akulira m'thumba. Tiyi sanamukhudze.

"Injiniya wanga, tsopano poti maloko..."

"Chakudya cha bambo chili m'kontena pa tebulo," anatero akumanga zingwe za nsapato. "Mulibe shuga, mulibe mchere wambiri. Mankhwala awo ali pambali, amwe asanadye. Apolisi amalola kuona anthu dzuwa likafika pamutu."

"Sukapita wekha? Akufuna aone iwe, osati nkhope yanga yokwinyikayi."

Anaimirira n'kukonza chikwama paphewa.

"Ine ndili ndi ntchito, azakhali. Si imene munkafuna?"

Anatseka geti bwinobwino, osamenyetsa. Ndinamwa tiyi wake, ndinamwanso wanga, poti kutaya n'kulakwa. Kenako ndinakulunga kontena ija m'nsalu kuti isazizire, n'kuyamba ulendo wa kupolisi.